Thanki ya faibagilasi yopangidwa ku Chinika: kulimba kwake, zolakwika zake ndi kumene idzathere

Aliyense amene anali mu Lusaka m'chaka cha 2024 akudziwa chimene chinachititsa kuti nkhani ya mathanki akuluakulu a madzi ikhale m'kamwam'kamwa. Chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February chaka chimenecho kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse chinachepetsa madzi m'damu la Kariba, magetsi anayamba kuzima kwa maola ochuluka, ndipo mapampu a pazitsime zobowola ankangogwira ntchito pa kanthawi kamene magetsi abwera, kawirikawiri pakati pa usiku. Izi zinatipeza tisanapume ku mliri wa kolera, umene unachititsa kuti bwalo la National Heroes Stadium lisanduke malo ogonekako odwala ndiponso kuti sukulu zichedwe kutsegulidwa kumayambiriro a chaka. Sukulu yopanda madzi osungidwa inalibe choyankha pamaso pa makolo. N'chifukwa chake komiti ya sukulu yaing'ono ya mpingo wathu ku Chilenje, kumene ndimaphunzitsa sayansi, inagwirizana zogula thanki ya malita 10,000, ndipo inasankha ya faibagilasi, youmbidwa ndi manja pakampani ina yaing'ono ya ku Chinika, m'malo mwa mathanki a pulasitiki obiriwira ndi akuda amene ali ponseponse.

Maganizo anga ndi akuti thankiyi ndi yabwino ndipo tikhoza kugulanso ina kwa amisiri omwewa, koma wogula asanyengedwe ndi dzina lakuti faiba. Mathanki awiri a faiba ofanana kukula ndi mtundu wa penti akhoza kusiyana kutalitali, chifukwa chinthu chimenechi chimapangidwira pomwepo, pa ola limene mmisiri wagwira bulashi, ndipo zimene wachita pa ola limenelo zimabisika mkati mwa khoma la thanki kwa zaka zonse zimene idzagwire ntchito.

Faibagilasi ndi zinthu ziwiri zophatikizidwa, ndipo palibe chimodzi mwa izo chimene chingasunge madzi pachokha. Choyamba ndi ulusi wa galasi, woonda kuposa tsitsi la munthu. Wina angadabwe kuti galasi, limene limaphwanyika likangogwa pansi, lingalimbitse bwanji chinthu. Injiniya wa ku Britain, A. A. Griffith, anafotokoza mu 1921 kuti galasi limasweka chifukwa cha timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo anasonyeza kuti likakokedwa kukhala ulusi woonda kwambiri timing'aluto timachepa, mphamvu yake yopirira kukokedwa n'kukwera kwambiri. Kampani ya Owens-Corning ya ku America, imene inakhazikitsidwa mu 1938, ndi imene inatchukitsa ulusi wotere pamsika. Chachiwiri ndi utomoni wa polyester, umene umabwera m'migolo uli wamadzimadzi ndipo umauma gwa ukasakanizidwa ndi mankhwala oumitsa. Utomoni wouma pawokha suchedwa kusweka, ulusi pawokha ndi wolobodoka, koma zikagwirana ulusi umasenza katundu pamene utomoni umaugwira pamalo ake, kuugawira kulemera ndi kuutchingira ku madzi. Makolo athu ankachita zonga zomwezi pomata dothi pa nsungwi zoluka, podziwa kuti dothi lokha lingagumuke ndipo nsungwi zokha zingalowetse mphepo. Malo ofooka ndi pamene ziwirizi zakumanirana. Utomoni sugwira bwino pa galasi lopanda kanthu, choncho opanga ulusi amaupaka mankhwala otchedwa silane, amene molekyu yake imagwira galasi mbali imodzi ndi utomoni mbali inayo, ndipo chinsalu cha ulusi chikasungidwa pachinyezi kugwirana kumeneku kumasokonezeka.

Tisanapereke ndalama ndinapempha kuona mmene amagwirira ntchito, ndipo mkulu wa amisiri, bambo wachikulire amene anaphunzira luso limeneli pokonza mabwato a asodzi ku Siavonga, anandilandira bwino. Choyamba chimene ndinayang'ana ndi kumene amasunga zinsalu za ulusi, ndipo mtima unakhala pansi nditaziona zili pashelefu, zokutidwa ndi pulasitiki, kutali ndi simenti ya pansi. Chikombole chawo anachikonza mwakuti mbali yosalala ya thanki imakhala mkati, kumene kumakhala madzi. Atachipaka phula kuti thanki idzachoke mosavuta, anathira gelcoat yoyera, utomoni wosalala umene umatchingira ulusi ku madzi, yochindikala pafupifupi theka la milimita, n'kudikira mpaka pamene munthu akaikhudza imamata chala koma osachidetsa. Kenako anayala kansalu kopyapyala, ndipo pamwamba pake anayamba kusanjikiza zinsalu zolemera magalamu 450 pa sikweya mita imodzi. Sankadula zinsaluzo ndi sizasi, ankazing'amba ndi manja, kuti m'mphepete mukhale ulusi womwazika umene umalukana ndi chinsalu chinzake popanda kusiya mzere wofooka.

Ntchito yeniyeni ili pa kunyowetsa. Chinsalu chouma chimakhala choyera mbee, koma utomoni ukachilowerera chimayamba kuonekera, moti umaona gelcoat ya pansi pake. Mnyamata wina ankadinda utomoni ndi bulashi, mnzake akumutsatira ndi kachitsulo kogudubuza ka mizeremizere, ndipo pamene kankadutsa pankamveka kuthetheka kwa timathovu ta mpweya tikuphulika. Mkulu uja anaimitsa mmodzi wa iwo n'kumulozera kachigamba koyera kaching'ono pakona, pamene utomoni sunalowe bwino, ndipo sanalole chinsalu chotsatira kuikidwa mpaka kachigambako katatha. Pamalo otere ndi pamene madzi amadzapezera njira patapita zaka. Utomoni ukachuluka kwambiri nawonso ndi vuto, chifukwa khoma limaoneka lochindikala koma lili ndi ulusi wochepa. Pa kuumba kwa manja kotere galasi limayenera kukhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera konse. Choncho amene amayesa thanki ya faiba poigogoda ndi kuona kuchindikala kwake kokha sanayese kanthu.

Mankhwala oumitsa, amene dzina lake lachidule ndi MEKP, ankawayeza ndi sirinji, osati ndi diso, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ndinawakhulupirira. Mlingo wake ndi pakati pa 1 ndi 2 peresenti ya utomoni. M'kutentha kwa October amachepetsako kuti utomoni usaume uli m'chitini, ndipo m'mawa wozizira wa June amadikira dzuwa likwere m'malo mongothira mankhwala ochuluka. Kuumako kumatulutsa kutentha. Utomoni wotsala m'chitini china unatentha moti sunagwirike, unachita utsi n'kung'aluka. Mankhwala a cobalt, amene amafulumizitsa kuuma, anawasunga mbali ina ya shedi, chifukwa akakumana mwachindunji ndi MEKP akhoza kuyaka kapena kuphulika.

Funso limene ndikupempha wogula aliyense kuti afunse ndi la mtundu wa utomoni. Ine ndinati, "Bambo, utomoni umene mumaika mbali ya madzi ndi wa mtundu wanji?" Iwo anandiyang'ana kaye, kenako anati, "Aphunzitsi, bwerani muone nokha pamgolo." Panali migolo ya mitundu iwiri. Wina unali wa orthophthalic, utomoni wotsika mtengo wa ntchito wamba, ndipo wina unali wa isophthalic, umene umapirira madzi kwa nthawi yaitali. Kusiyana kwake n'kofunika chifukwa madzi amalowerera pang'onopang'ono mu utomoni uliwonse wa polyester, ndipo akapeza timalo tokhala ndi zotsalira zosungunuka amadula zolumikizira za ester, zimene zimagwirizanitsa zigawo za mamolekyu a utomoniwo, n'kupanga timadzi ta asidi timene timakoka madzi enanso, mpaka khoma limatuluka matuza. Eni mabwato amawadziwa bwino matuza amenewa. Utomoni wa vinyl ester umapirira koposa, koma mtengo wake ndi wa mathanki a mankhwala a m'mafakitale ndi m'migodi. Amisiriwa anandiuza mosabisa kuti amaika isophthalic mbali ya madzi pokhapokha wogula akapempha, ndipo tinawonjezera ndalama kuti atero. Ndikuwayamikira chifukwa cha chilungamo chawo, komabe sindikugwirizana ndi kachitidwe kameneka. Thanki ya madzi akumwa siyenera kudalira kuti wogula akhale anaphunzirapo sayansi, ndipo pepala la mtengo limene anatipatsa poyamba silinatchule mtundu wa utomoni ngakhale pang'ono.

Mapepala ndi mbali imene kampaniyi ili m'mbuyo. Anali ndi pepala la wopanga utomoni, koma analibe chikalata chosonyeza kuti thanki yomalizidwa inayesedwa. Kunja kuli miyezo yodziwika, monga BS EN 13280 ya mathanki a faibagilasi osungira madzi ozizira ndi NSF/ANSI 61 ya zipangizo zokhudzana ndi madzi akumwa, ndipo kwathu kuno bungwe la Zambia Bureau of Standards lilipo kuti lithandize pa nkhani za miyezo. Amisiri aluso chonchi akudzimana okha msika wa zipatala ndi sukulu zikuluzikulu posapita kukayezetsa ntchito yawo.

Thanki inafika mochedwerapo kuposa tsiku limene tinapangana, koma anatidziwitsa pafoni. Chimene chinandisangalatsa ndi chakuti anakana kuikweza pansanja yathu yachitsulo mmene inalili. Malita 10,000 a madzi amalemera matani 10, ndipo faiba sipindika n'kutsatira pamene yakhala monga imachitira pulasitiki. Kulemera kukaunjikana pa zitsulo zingapo zotalikirana kapena pa kamwala kamodzi, pansi pa thanki pamang'aluka. Anaumirira kuti tiyale matabwa ochindikala mothithikana ndi mosalaza, ngakhale kuti zimenezi zinawachititsa kubwerera tsiku lina ndi galimoto yawo.

Vuto loyamba linaonekera titangodzaza madzi. Ankamveka fungo ndi kakomedwe ka pulasitiki, ndipo ana anakana kumwa, chinthu chimene anachita bwino. Fungolo ndi la styrene, mankhwala amene amakhala ochuluka mu utomoni wamadzimadzi ndipo ndi amene amamanga milatho pakati pa mamolekyu a polyester pouma. Kuuma kukapanda kufika pamapeto, styrene wina amatsala womasuka n'kumalowa m'madzi. Bungwe la World Health Organization linaika malire a mamiligalamu 0.02 pa lita imodzi ya madzi akumwa, ndipo mphuno ya munthu imamva styrene ngakhale ali wochepa kwambiri. Titakhuthula madzi, mmodzi wa anyamata awo analowa mkati n'kupeza kuti pamsoko pamene analumikiza denga ndi thupi la thanki pankamatabe chala. Chifukwa chake n'chodziwika: mpweya wa okosijeni umalepheretsa polyester kuuma pamwamba penipeni, n'chifukwa chake mu utomoni womalizira amathiramo phula pang'ono limene limayandama n'kutseka mpweya. Mbali ya mkati ya khoma lonse inaumira pachikombole, kumene mpweya sufika, koma msokowo anaumata thanki itachoka kale pachikombole ndipo phula linaiwalika. Anapala malowo, anapakanso utomoni woyenera, anasiya thanki yotsegula padzuwa, anaitsuka ndi madzi otentha, ndipo madzi a ulendo woyamba ndi wachiwiri tinawagwiritsa ntchito m'zimbudzi. Fungo linatheratu ndipo sanatilipiritse. Mafakitale akuluakulu amamalizitsa kuuma poika chinthucho m'chipinda chotentha madigiri 60 mpaka 80 Celsius kwa maola angapo, kenako amayeza kulimba kwake ndi kachipangizo kotchedwa Barcol. Amisiri athu alibe zonsezi, amadalira dzuwa ndi chikhadabo, ndipo akanayenera kutichenjeza kuti madzi oyamba asamwedwe.

Vuto lachiwiri linabwera patapita miyezi, pamene tinaona ndere zobiriwira m'khoma la mbali ya kumpoto. Nditasuzumira pachivundikiro masana thanki ili yopanda madzi, mkati simunali mdima monga ndinkayembekezera. Khoma linkawala mofiirira, ndipo m'malo ena munkaoneka mizere ya bulashi pamene penti ya kunja inapyapyala. Faiba imalowetsa kuwala mwachibadwa, n'chifukwa chake amapangira malata oonekera a padenga, ndipo pamene pali kuwala ndi madzi ndere sizichedwa. Apa thanki ya pulasitiki yakuda imapambana, chifukwa mwaye wa carbon black umene amasakaniza mu pulasitikiyo umatsekereza kuwala konse komanso umaiteteza ku cheza cha dzuwa, chimene mu Lusaka ndi champhamvu poti mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere. Amisiri anapaka utomoni wakuda kunja, n'kuphimba ndi woyera pamwamba pake kuti madzi asatenthe, ndipo ndere sizinabwererenso. Wogula ayese zimenezi thanki isanachoke pakampani: aigoneke padzuwa, alowetse mutu pachivundikiro, ndipo akaona kuwala aikane.

Kupatula ziwirizi, thankiyi yatumikira bwino. Sichita dzimbiri, sinafufume m'mimba ngakhale imadzaza mpaka pakamwa m'miyezi yotentha, ndipo klorini amene timathira pa mlingo wa madzi akumwa sanaiwononge. Madzi a pansi pa nthaka ya Lusaka amadutsa m'miyala ya laimu ndi dolomite, n'chifukwa chake maketulo athu amayera mkati, koma pa gelcoat yosalala zoyerazo zimachoka ndi nsalu yofewa. Amene amatsuka asagwiritse ntchito bulashi ya waya, chifukwa kukanda gelcoat ndi kutsegulira madzi njira yopita ku ulusi.

Ubwino waukulu wa faiba ndinauona tsiku limene inang'aluka. Paipi yotulutsa madzi inalibe chochirikiza, ana ankaitsamira, ndipo pozungulira pamene inalowera panachita mng'alu wotalika ngati chikhatho. Mkulu uja anabwera yekha ndi mnyamata mmodzi. Anapala mozungulira mng'aluwo ndi makina, motsetsereka ndi motambalala kuposa mng'alu weniweniwo, mpaka ulusi woyera unaonekera, ndipo anakana kupitiriza mpaka malowo atauma kotheratu, chifukwa utomoni sugwira pachinyezi. Atapukuta ndi mankhwala otsukira otchedwa acetone anaika zigamba za chinsalu zosiyana kukula, kuzisanjikiza mpaka khoma linabwerera pa kuchindikala kwake, mkati ndi kunja komwe, ndipo ulendo uno phula sanaliiwale. Anamangiranso paipiyo chochirikiza. Pamalopo sipanadonthenso. Pulasitiki ya polyethylene, imene amapangira mathanki obiriwira ndi akuda aja, sigwira guluu wamba, imafuna kuwotcherera ndi mpweya wotentha, ndipo mng'alu wa pansi pa thanki yaikulu nthawi zambiri umatsegukanso.

Sindikunena kuti aliyense asiye pulasitiki. Banja lofuna malita 2,000 kapena 5,000 lingachite bwino ndi thanki ya polyethylene, imene ndi yotsika mtengo, imapirira kugubuduzidwa potsitsa m'galimoto, ndipo poti imaumbidwa ndi makina m'chikombole chozungulira pamoto, sidalira kwambiri dzanja la mmisiri wa tsikulo. Faiba imayenera pamene thanki ndi yaikulu, pamene malo akufuna maonekedwe apadera, ndiponso pamene mwini wake akufuna chinthu chokonzeka chikawonongeka. Mtengo wake unali wokwera kuposa wa pulasitiki ya kukula komweko.

Pali nkhani imene palibe wogulitsa amaitchula. Kuseri kwa shedi ya amisiriwa kuli mulu wa zodulidwa, mathanki akale ndi theka la bwato, ndipo palibe amene amabwera kudzagula monga amagulira zitsulo zakale kapena mabotolo. Polyethylene ikatenthedwa imasungunuka n'kuumbidwanso, chifukwa mamolekyu ake ndi maunyolo aatali ongopiringizana. Utomoni wa faiba ukauma, maunyolo onse amamangana kukhala ukonde umodzi, ndipo moto suusungunula, umangoupsereza. Kumangana komweko kumene kumalimbitsa thanki yathu ndi kumene kudzaichititse kukathera kudzala la ku Chunga, kapena kuotchedwa usiku n'kufukiza utsi wakuda m'makomboni.

Vuto limeneli ndi limene lagwira mitu ya asayansi a zipangizo m'zaka zaposachedwa, makamaka chifukwa cha mapiko akuluakulu a makina opangira magetsi ndi mphepo, amene ndi a faibagilasi ndipo ambiri akufika pokalamba ku Ulaya ndi ku America. Mu 2011 gulu la Ludwik Leibler la pa sukulu ya ukachenjede ya ESPCI ku Paris linalengeza mtundu wa utomoni umene anautcha vitrimer, umene zolumikizira zake zimasinthana malo ukatenthedwa popanda ukonde kumasuka, moti chinthu cholimba chikhoza kuumbidwanso kapena kulumikizidwa ndi kutentha. Mu 2021 kampani ya Siemens Gamesa inatulutsa mapiko a utomoni wotheka kusungunulidwa ndi asidi wofatsa ntchito yawo ikatha, ndipo ena anaikidwa pa makina a m'nyanja a Kaskasi ku Germany. Mu 2023 ofufuza a pa Aarhus University ku Denmark, motsogozedwa ndi Troels Skrydstrup, anafalitsa mu magazini ya Nature njira yogwiritsa ntchito chitsulo cha ruthenium podula zolumikizira za utomoni wa epoxy wakale, mtundu wa utomoni umene mapiko ambiri otere amapangidwa nawo, n'kupezanso ulusi wa galasi ndi mankhwala a bisphenol A amene utomoniwo unapangidwira. Chaka chotsatira, bungwe la National Renewable Energy Laboratory ku America linafalitsa mu magazini ya Science za utomoni wotchedwa PECAN, wotheka kupangidwa kuchokera ku shuga wa zomera, ndipo anaumba nawo phiko la mamita 9 n'kusonyeza kuti umamasuka mu methanol wotentha. Palinso utomoni wa Elium wa kampani ya Arkema, umene umathiridwa uli wamadzimadzi monga wina aliyense koma ukauma umakhala wa gulu losungunuka ndi moto.

Ndimawerenga zimenezi ndi chidwi chachikulu ndipo ndimaziphunzitsa ana a m'kalasi langa, koma wogula thanki mu Lusaka asayembekezere kuzipeza ku Chinika posachedwa. Kafukufuku wambiri akukhudza epoxy ndi zolowa m'malo mwake, pamene thanki yathu ndi ya polyester yomangidwa ndi styrene. Ruthenium ndi chitsulo chosowa ndi chodula. Ulusi wa galasi watsopano ndi wotsika mtengo, choncho phindu loupulumutsa ndi lochepa poyerekeza ndi ulusi wa carbon wa m'ndege, umene anthu amaulimbirana. Palinso mfundo imene imandichititsa kusamala: utomoni wokonzedwa kuti udzamasuke mosavuta uyenera kutsimikiziridwa kuti sudzayamba kumasuka usanafike nthawi, ndipo thanki imakhala yonyowa ndi yolemedwa usana ndi usiku, padzuwa lotentha. Ma vitrimer ena amatamuka pang'onopang'ono akalemedwa pamalo otentha, ndipo ofufuza akulimbanabe ndi zimenezi. Mbiri imatiphunzitsanso kudekha, chifukwa utomoni wodzichiza wokha, wokhala ndi timakapisozi timene timasweka mng'alu ukatifika n'kutulutsa mankhwala omata, unasonyezedwa mu 2001 ndi Scott White, Nancy Sottos ndi anzawo pa University of Illinois, koma mng'alu wa thanki yathu unatsekedwa ndi bambo wogwada pansanja ndi bulashi m'manja. Ena amafunsa za khonje, limene limalimidwa kwambiri ku Tanzania, ngati lingalowe m'malo mwa galasi. Ulusi wa zomera ndi wopepuka ndipo umagwiritsidwa ntchito m'zitseko za magalimoto ena, koma umamwa madzi n'kufufuma, choncho ungayenere siling'i ndi mipando, osati khoma la thanki.

Njira imene ndikuona kuti ili pafupi ndi ife ndi ya simenti. Ku Germany zinyalala zina za faibagilasi zakhala zikuphwanyidwa n'kuponyedwa m'ng'anjo za simenti, mmene utomoni umayaka ngati nkhuni m'malo mwa malasha ena, ndipo galasi limapereka silica ndi calcium zimene simenti imafuna kale. Kumwera kwa mzinda wathu kuli fakitale ya simenti ya Chilanga, imene inayamba mu 1949, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la Statutory Instrument nambala 65 ya 2018 limene limapatsa opanga katundu udindo pa zinyalala zochokera ku katundu wawo. Ndikanakonda kuti opanga mathanki, malata a faiba ndi mabwato akhale pansi ndi a Zambia Environmental Management Agency ndi a mafakitale a simenti n'kuona ngati milu ya kuseri kwa mashedi ingapeze kolowera.

Mbali ya kafukufuku imene ikufunika mwachangu ku Chinika ndi yokhudza mapapo a anyamata aja. Fungo la styrene linandipweteketsa mutu pa kanthawi kochepa kamene ndinaima mushedi, pamene iwo amaweramira chikombole tsiku lonse atavala timasiki tansalu totsala pa nthawi ya Covid-19, timene sititchinga nthunzi ya mankhwala ngakhale pang'ono. Mu 2018 bungwe la International Agency for Research on Cancer linaika styrene m'gulu la 2A, la zinthu zimene zikuoneka kuti zingayambitse khansa mwa anthu, ndipo ngakhale tisanafike pa khansa, nthunziyo imatopetsa, imachititsa chizungulire ndipo imayabwa m'maso. Mnyamata amene analowa m'thanki yathu kukamata msoko anali m'malo otsekeka mmene nthunzi imaunjikana, ndipo fumbi la popala linamuyeretsa manja ndi nsidze. Pamsika wa dziko lonse pali kale utomoni wotulutsa styrene wochepa ndi wina wopanda styrene, pali mankhwala ofulumizitsa a ayironi kapena kopa olowa m'malo mwa cobalt, ndipo pali njira yoyamwitsa utomoni m'chinsalu pansi pa pepala la pulasitiki lotsekedwa, imene imachepetsa nthunzi n'kupereka khoma lolimba kuposa la bulashi. Nditamufunsa mkulu uja za zimenezi, anayankha kuti iwo amagula zimene ogulitsa migolo abweretsa, ndipo kuti mtengo ukakwera pang'ono ogula amathawira kwa mnzawo wa mseu wachiwiri. Ndinawamvetsa, koma masiki a rabara okhala ndi zosefera za makala, magolovesi, magalasi a maso ndi fani yokoka mpweya sizidikira asayansi a ku Paris. Ndapempha komiti yathu kuti pa thanki yachiwiri imene tikukonzekera, kalata ya oda itchule utomoni wa isophthalic mbali ya madzi, khoma losalowetsa kuwala, ndi zodzitetezera za amisiri, ndipo ndalama ya zodzitetezerazo iwerengedwe poyera pa mtengo umene sukulu idzalipire.